Kanema wa Lamulungu ku Britain m'zaka zoyambirira: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti ku Britain kunali nthawi imene boma linkalamula kuti wailesi yakanema izime Lamulungu madzulo, anthu apite kaye kutchalitchi. Mafunso amene ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera pa nkhaniyi. Tikukamba makamaka za zaka za pakati pa 1936 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970. Ngati yankho lina lakhudzidwa kale pa funso lina, tikulozerani komweko m'malo mobwereza.

Kodi wailesi yakanema inayamba liti ku Britain?

Bungwe la BBC linayamba kuulutsa kanema mokhazikika pa 2 Novembala 1936 kuchokera ku Alexandra Palace, chinyumba chachikulu chomwe chili pachitunda kumpoto kwa mzinda wa London. Miyezi yoyambirira ankasinthanitsa makina a makampani awiri, sabata ino a Baird, sabata yamawa a Marconi-EMI, mpaka mu Febuluwale 1937 pomwe anatsala ndi a Marconi-EMI okha. Zithunzi zinali zakuda ndi zoyera basi, ndipo zinkafika mu London ndi madera ozungulira. Bokosi la kanema linkagulidwa pamtengo wofanana ndi wa galimoto yaing'ono, choncho pofika 1939 m'dziko lonselo munali akanema pafupifupi 20,000 okha.

Pa 1 Seputembala 1939 anatseka chifukwa cha nkhondo, n'kudzatsegulanso pa 7 Juni 1946. Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Nsanja youlutsira ya ku Sutton Coldfield inafikitsa kanema ku Birmingham mu 1949, ya ku Holme Moss inafikitsa kumpoto kwa England mu 1951, ndipo Scotland ndi Wales analandira mu 1952. Ziphaso za kanema zinali pafupifupi 344,000 mu 1950, koma pofika 1960 zinali zitadutsa 10 miliyoni. Mwambo woveka ufumu Mfumukazi Elizabeth II pa 2 Juni 1953 ndi umene unakankhira mabanja ambiri kusitolo kukagula.

Ndi zoona kuti poyamba Lamulungu kunalibiretu kanema?

Ndi zoona. Poyamba ankaulutsa maola awiri okha patsiku, 3 mpaka 4 koloko masana ndi 9 mpaka 10 koloko usiku, Lolemba mpaka Loweruka. Lamulungu ku Alexandra Palace kunkakhala zii. Mapulogalamu a Lamulungu anayamba mu 1938, ndipo nawonso anali ochepa. Masitudiyo anali awiri okha, ndalama zinali zoperewera, komanso BBC inali kale ndi chikhalidwe chake cha mmene tsikuli liyenera kusungidwira. Chikhalidwecho chinachokera kwa munthu amene tikumutchula pa funso lotsatirali.

Dzina la Reith silisowa pa nkhaniyi. Anali ndani?

A John Reith ndi amene anatsogolera BBC kuyambira pachiyambi mu 1922 mpaka 1938. Anali a ku Scotland, mwana wa m'busa wa ku Glasgow wa mpingo wa Free Church of Scotland. Mpingo umenewu ndi womwe unatumiza amishoni a Livingstonia kunyanja ya Malawi mu 1875, ndiye amene anakulira m'banja lolimbikira za CCAP, momwe Lamulungu munthu sagwira khasu, sachapa, sapita kumsika, sangavutike kuwamvetsa bambowa.

Pa wailesi ya mawu, Lamulungu la a Reith linkayenda motere: m'mawa wonse chete mpaka 12:30 masana, kuti pasapezeke wojomba kutchalitchi chifukwa cha wailesi. Kenako mapemphero, nkhani zolemera za akatswiri, ndi nyimbo zakale zolemekezeka monga za Bach. Nyimbo zovina ndi nthabwala, ayi. Usiku ankatseka ndi kachigawo kakafupi ka mawu a m'Baibulo ndi nyimbo yauzimu kotchedwa Epilogue, komwe kanayamba mu 1926 ndipo pambuyo pake kanalowanso pa kanema.

A Reith eni akewo kanema sankamukonda. Mu 1952, akulankhula m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, anayerekeza kubweretsa kanema wamalonda ndi kulowetsa nthomba ndi mliri m'dziko. Komabe mu Okutobala 1960 anavomera kukhala pampando wa pulogalamu ya mafunso ya Face to Face, ndipo anthu anawaonera pa kanema, Lamulungu usiku.

Nanga anthu ankangomvera zimenezo osadandaula?

Ayi. Ankangopotoza wailesi n'kusamukira kwina. M'zaka za m'ma 1930 kunali nyumba zoulutsira mawu zamalonda kutsidya kwa nyanja, monga Radio Normandy ku France ndi Radio Luxembourg, zomwe zinkaulutsa m'Chingerezi nyimbo zovina ndi zotsatsa malonda. Tsiku lawo lokolola linali Lamulungu lomwelo. BBC inafewa nthawi ya nkhondo: mu 1940 inatsegula wailesi ya asilikali, ndipo msilikali amene ali kunkhondo simungamuuze kuti lero ndi Sabata, nyimbo zosangalatsa adikire mawa. Choncho kanema atabwerera mu 1946, anapeza Lamulungu litamasukako, ngakhale kuti silinamasukiretu.

Kunja kwa nyumba, Lamulungu la ku Britain linali lotani?

Amene wamvetsa yankho ili wamvetsa theka la nkhani yonse. Lamulo la m'chaka cha 1780 linkaletsa kulipiritsa anthu pakhomo pa zosangalatsa zilizonse Lamulungu. Nyumba za zisudzo zinkakhala zotseka tsikuli mpaka lamulo lina litasintha zinthu mu 1972. Nyumba zoonetsera mafilimu zinaloledwa mu 1932, koma m'madera okhawo omwe anavomereza. Masitolo akuluakulu anadikira mpaka 1994. Malo omwera mowa ankatsegula maola owerengeka, ndipo ku Wales ankatsekeratu tsiku lonse mpaka 1961, pomwe dera lililonse linayamba kuvota lokha. Panalinso bungwe la Lord's Day Observance Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1831, ndipo ntchito yake inali kulondalonda ndi kudandaula kulikonse komwe laona kuti Sabata likuphwanyidwa.

Ndiye taganizirani banja la ku Leeds kapena ku Birmingham m'nyengo yozizira. Adya nyama yowotcha ya masana, mdima wagwa 4 koloko, m'tauni zitseko zonse n'zotseka, mawa ndi kuntchito. Apita kuti? Malamulo omwe anatseka tauni ndi omwenso anasonkhanitsira kanema anthu oonera. Bambo, mayi, ana ndi agogo onse ankakhala pa bokosi limodzi, kudikira kuti litenthe kaye chithunzi chisanabwere. Palibe usiku wina m'sabata umene unali ndi oonera okonzeka chonchi.

Malamulo enieni a maola a Lamulungu anali otani, ndipo ankawaika ndani?

Ankawaika ndi nduna ya zamapositi, chifukwa nthawi imeneyo positi, matelefoni ndi mawailesi zinali pansi pa ofesi imodzi. Pamene kanema wachiwiri, wamalonda wotchedwa ITV, ankayamba mu 1955, malamulo anali akuti nyumba iliyonse youlutsira kanema isapitirire maola 50 pasabata. Za Lamulungu zinali zothina kwambiri. Mapulogalamu wamba ankayamba 2 koloko masana. Pakati pa 2 ndi 4 koloko sankaloledwa kuonetsa za ana, poopa kuti Sande sukulu ingaphwasuke. Ndipo kuyambira 6:15 madzulo mpaka cha m'ma 7:30 kanema ankayenera kutseka, chifukwa imeneyo ndiyo inali nthawi ya mapemphero a madzulo m'matchalitchi ambiri.

Musasokoneze kutseka kumeneku ndi kwina komwe kunkachitika masiku enawo. Lolemba mpaka Loweruka kanema ankazimanso kuyambira 6 mpaka 7 koloko madzulo, kuti makolo agoneke ana ang'onoang'ono popanda kulimbana nawo. Kutseka kumeneko kunatha mu Febuluwale 1957, makampani a kanema wamalonda atadandaula kuti akutaya ndalama. Kwa Lamulungu kunatsala.

Panali mpata umodzi waukulu: mapulogalamu achipembedzo, ndiponso pambuyo pake a maphunziro a akuluakulu, sankawerengedwa pa maola 50 aja. Mpata umenewu ndi umene unapanga Lamulungu m'mawa ndi ola la madzulo lija kukhala mmene zinakhalira, monga mayankho a m'munsimu akusonyezera.

Ngati linali ola lotseka, mapulogalamu achipembedzo analowamo bwanji?

Analowa pang'onopang'ono, ndipo mfundo yake inali yovuta kuikana: odwala, okalamba ndi amene sapita kutchalitchi, bwanji osawafikira m'nyumba zawo? Kampani ya ATV, imodzi mwa makampani a ITV, inayamba About Religion mu 1956, BBC nayo inayamba Meeting Point chaka chomwecho. Mu 1958 kampani ina ya ITV yotchedwa ABC inabweretsa The Sunday Break, yomwe inali ya achinyamata. Situdiyo ankaikonza ngati kalabu ya achinyamata, mukumveka nyimbo zamakono, anyamata ndi atsikana akupanikiza abusa ndi mafunso. Akuluakulu ena a mipingo anaipidwa nazo, ena anati bola ana akumva mawu.

Yotchuka kuposa zonse ndi Songs of Praise, yomwe inayamba pa 1 Okutobala 1961 m'tchalitchi cha Baptist chotchedwa Tabernacle ku Cardiff. Kapangidwe kake n'kosavuta: makamera amapita kutchalitchi, mpingo n'kumaimba nyimbo zauzimu. Ku Britain kuli nthabwala yakale yakuti tchalitchi chomwe chimakhala ndi anthu owerengeka chimadzaza thothotho tsiku lobwera makamera, amayi onse atavala zipewa zatsopano.

Zotsatsa malonda sizinkaloledwa pakati pa mapemphero, ndipo mipingo sinkaloledwa kugula nthawi yodzitsatsa. Panali komiti ya atsogoleri a mipingo ikuluikulu yomwe inkalangiza BBC komanso bungwe loyang'anira kanema wamalonda. Chofunika kuchiona n'chakuti nyumba ziwirizi zinkaonetsa zachipembedzo pa nthawi imodzimodzi. Wosafuna analibe kothawira, kupatula kuzimitsa n'kukatsuka mbale.

Ana ankaonera chiyani Lamulungu?

Nkhondo itangotha, pulogalamu ya For the Children inkaoneka Lamulungu masana, ndipo mmenemo ndi momwe munatchukira Muffin the Mule kuyambira 1946. Chinali chidole cha nyulu chokokedwa ndi zingwe, chovina pamwamba pa piyano, mayi Annette Mills akuimba pambali, pomwe mayi Ann Hogarth, osaoneka pa chithunzi, ankakoka zingwezo. Kwa ana a nthawi imeneyo chidolechi chinali katswiri weniweni.

Mu 1956 BBC inachita chinthu chomwe ambiri ankachiopa: inaonetsa moyo wa Yesu m'magawo 8, Lamulungu lililonse mpaka tsiku la Pasaka, a Tom Fleming akusewera ngati Yesu nkhope ikuoneka. M'nyumba za zisudzo za ku Britain nthawi imeneyo zinali zoletsedwa kuti munthu aoneke ngati Yesu pabwalo, choncho anayenda mosamala kwambiri, ndipo anthu anazilandira bwino.

Kenaka panakhazikika mwambo wa sewero lamagawo lochokera m'mabuku akale, loonetsedwa cha m'ma 5 koloko banja likumwa tiyi, ola lotseka lisanakwane. Si nthawi zonse pomwe linkakhala lofatsa. Mu 1962, pa sewero la Oliver Twist, chigawo chomwe chigawenga chikupha mkazi chinaoneka choopsa kwambiri moti makolo anadandaula kwadzaoneni.

N'chifukwa chiyani sewero lalikulu la sabata linkakhala Lamulungu usiku?

Chifukwa choyamba tachitchula kale: oonera anali pakhomo. Chachiwiri n'chakuti ochita zisudzo otchuka a mu London, omwe Lolemba mpaka Loweruka ankakhala pabwalo la zisudzo, Lamulungu ankakhala opanda ntchito chifukwa cha lamulo lija. Tsiku lokhalo lomwe kanema akanawapeza mosavuta linali limeneli. Chachitatu, sewero lolemera linkaoneka loyenera tsiku lopatulika kusiyana ndi magule.

Kuyambira 1950 mpaka 1959 masewerowa ankatchedwa Sunday-Night Theatre. Ambiri anali a alembi akale monga Shakespeare ndi Ibsen, ena anali atsopano. Onse ankaulutsidwa pompopompo, ndipo apa m'pamene pali zosangalatsa. Makamera anali olemera, okokedwa ndi anthu, zingwe zawo zili pansi ponseponse, ndipo zikapiringizana kamera inkangoima pomwepo. Wosewera akatuluka m'chipinda china pa chithunzi, ankathamanga kuseri kwa makamera uku akuvula jekete, kuti mphindi yotsatira aoneke m'chipinda china atavala zina. Akaiwala mawu, womukumbutsa ankadina batani lodula mawu onse opita kwa oonera, n'kumunong'oneza, kenako n'kubwezeretsa. Kunyumba anthu ankangoona pakamwa pali chete kwa kanthawi, n'kumaganiza kuti bokosi lawo layamba matenda. Pakafunika kudzaza mpata, BBC inali ndi timafilimu take todikirira. Kotchuka kwambiri kanali ka manja a woumba mbiya akuzunguza dongo, mbiyayo osatha.

Sewero la Lamulungu linkabwerezedwa Lachinayi, koma osati kuchokera pa tepi. Osewera onse ankabweranso n'kuliseweranso kuyambira pachiyambi. Matepi a kanema anafika ku Britain cha m'ma 1958. Izi zisanachitike njira yokhayo yosungira inali kuloza kamera ya filimu pa galasi la kanema, ndipo bungwe la ochita zisudzo la Equity linkaonetsetsa kuti mamembala ake asalandidwe malipiro a tsiku lachiwiri.

Kumbukiraninso kuti mpaka 1955 kanema anali mmodzi yekha. Sewero likakhala lotopetsa, dziko lonse linkatopa limodzi, ndipo Lolemba m'mawa m'basi nkhani inkakhala yomweyo. Pambali pa sewero panali mapulogalamu ena omwe anazolowereka Lamulungu: What's My Line?, momwe gulu la anthu anayi linkayesa kulosera ntchito ya mlendo, motsogozedwa ndi a Eamonn Andrews, ndipo ambiri ankaonera pofuna kuona a Gilbert Harding akupsa mtima. The Brains Trust, ya akatswiri oyankha mafunso a oonera masana, kuyambira 1955. Ndi Monitor ya a Huw Wheldon, yokamba za luso, kuyambira 1958.

Akuti sewero lina la Lamulungu linafika mpaka ku nyumba ya malamulo. Linali liti?

Linali Nineteen Eighty-Four, lochokera m'buku la George Orwell, lomwe linaulutsidwa pa 12 Disembala 1954. Analikonzera kanema ndi a Nigel Kneale, wotsogolera anali a Rudolph Cartier, ndipo a Peter Cushing ndiwo ankasewera ngati mwini nkhani. Linachitikira ku masitudiyo a Lime Grove, gulu la oimba likuimba pompopompo m'situdiyo ina yoyandikana, wowatsogolera akuyang'ana sewerolo pa galasi kuti adziwe polowera.

Nkhani yake ndi ya boma lankhanza lomwe limaona chilichonse chimene nzika ikuchita, ndipo chakumapeto munthu amazunzidwa pomuopseza ndi makoswe. Matelefoni a BBC anayamba kulira sewero lisanathe. Aphungu ena anapereka chikalata chodzudzula BBC kuti ikusangalatsa anthu ndi zankhanza, ndipo anatchula mwachindunji kuti izi zikuchitika makamaka Lamulungu madzulo. Aphungu ena anapereka zikalata zotsutsa, kunena kuti anthu akuluakulu ali ndi ufulu woonera kapena kuzimitsa, ndipo kuti nkhanza zoterozo zikuchitikadi m'maiko ena. Kenako kunamveka kuti Mfumukazi ndi amuna awo anaonera ndipo linawasangalatsa. BBC inakana kuchotsa kubwereza kwa Lachinayi, pa 16 Disembala, ndipo usiku umenewo anaonera anthu pafupifupi 7 miliyoni, chiwerengero chachikulu kuposa china chilichonse chichitikireni mwambo woveka ufumu uja.

Mukawerenga madandaulo a nthawiyo mumaona kuti tsiku linali gawo lalikulu la mlandu. Sewero lomwelo likanayamba kuoneka Lachitatu, phokoso likanakhalapo, koma mwina losafika pamenepo.

Kanema wamalonda atabwera, Lamulungu linasintha bwanji?

ITV inayamba ku London pa 22 Seputembala 1955, kutsatira lamulo la 1954. Inagawidwa m'makampani, ena a masiku a ntchito, ena a Loweruka ndi Lamulungu okha. ATV inatenga mapeto a sabata ku London, ABC inatenga mapeto a sabata m'chigawo chapakati ndi kumpoto kwa England. Kampani yomwe ili ndi masiku awiri okha opezera ndalama singasewere ndi Lamulungu usiku.

Lamulungu loyamba lenilenilo, pa 25 Seputembala 1955, ATV inatulutsa Sunday Night at the London Palladium. Holo yotchukayi inkakhala yopanda ntchito tsikuli, ndipo a Val Parnell omwe ankaiyendetsa analinso akuluakulu a ATV limodzi ndi a Lew Grade. Munkakhala atsikana ovina a Tiller Girls akuponya miyendo mofanana, anthabwala, oimba otchuka a ku Britain ndi ku America, ndi mpikisano wa Beat the Clock, momwe mabanja otengedwa pagulu ankachita timasewera topusa pothamangitsana ndi wotchi. Pomaliza onse ankaima pa bwalo lozungulira, likuzungulira, iwo akubayibitsa. Woyendetsa woyamba anali a Tommy Trinder, koma amene anakwera nayo kwambiri ndi a Bruce Forsyth kuyambira 1958. Pachimake oonera ankafika pafupifupi 20 miliyoni. Mu Disembala 1961, ochita zisudzo a Equity ali pa sitalaka, a Forsyth ndi a Norman Wisdom anayendetsa pulogalamu yonse awiriwiri, mbali ina akunamizira kumata mapepala pakhoma mpaka onse kudzola phala lomatira. Pa 13 Okutobala 1963 munabwera gulu la The Beatles, ndipo chipwirikiti cha achinyamata kunja kwa holoyo chinadzaza nyuzipepala m'mawa mwake.

Zonsezi zinkayamba cha m'ma 8 koloko, patangopita kanthawi kochepa ola lachipembedzo litatha. Zimene a Reith ankaopa zinachitika ndithu, ndipo zinachitika pa tsiku lawo lomwelo.

ABC nayo inabweretsa Armchair Theatre mu 1956. Kuyambira 1958, pansi pa a Sydney Newman ochokera ku Canada, inasiya kudalira masewero akale n'kuyamba kulembetsa atsopano okamba za anthu wamba: ogwira ntchito m'mafakitale, mabanja okangana kukhitchini, anthu olankhula Chingerezi cha ku Liverpool osati cha kunyumba yachifumu. Popeza linkabwera pambuyo pa Palladium, linkalandira oonera ambirimbiri omwe sanapondepo m'nyumba ya zisudzo. Kwa ife, apa ndi pamene kanema wa Lamulungu anachita chinthu chachikulu kwambiri, kuposa magule a ku Palladium.

Kodi ndi zoona kuti wosewera wina anamwalira sewero lili mkati?

Inde. Pa 30 Novembala 1958, pa sewero la Armchair Theatre lotchedwa Underground, a Gareth Jones anagwa ndi matenda a mtima kuseri kwa makamera, akudikira kulowanso, ndipo anamwalira. Sewerolo silinaime. Wotsogolera, a Ted Kotcheff, anayamba kugawira ena mawu a malemuwo pomwepo, pomwe wothandizira wawo, mayi Verity Lambert, anatsala akulamula makamera. Oonera kunyumba sanadziwe chomwe chachitika.

Nanga mpira Lamulungu?

Kunalibe. Mpira wa ligi unkaseweredwa Loweruka, ndipo masewero oyamba a matimu akuluakulu pa Lamulungu anachitika mu Januwale 1974, nthawi ya vuto la magetsi, pomwe ankafuna kusewera masana popanda kuyatsa nyale. Chomwe chinalipo izi zisanachitike ndi zidutswa za masewero a dzulo lake, monga The Big Match ya ku London kuyambira 1968. Kiriketi ndiyo inatsogola: BBC2, kanema wachiwiri wa BBC, inkaonetsa masewero a Lamulungu masana m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1969 kunayamba ligi ya Lamulungu yeniyeni.

M'mawa kunkaoneka chiyani?

Kwa zaka zambiri, kupatula mapemphero ochokera kutchalitchi china, kunalibe kanthu. Kenako mpata uja wa mapulogalamu osawerengedwa pa maola unayamba kugwira ntchito. Mu 1963 ITV inayamba maphunziro a akuluakulu Lamulungu m'mawa. Mu Okutobala 1965 BBC inayamba pulogalamu ya anthu ochokera ku India ndi Pakistan, m'chilankhulo chawo, yowaphunzitsa Chingerezi ndi mmene zinthu zimayendera m'dzikomo, ndipo mu 1968 inalowedwa m'malo ndi Nai Zindagi Naya Jeevan. Mu Januwale 1971 sukulu yaukachenjede ya Open University inayamba kuphunzitsa kudzera pa BBC2, ndipo Lamulungu m'mawa linali limodzi mwa nthawi zake.

Ndiye malamulowa anathandizadi matchalitchi?

Ngati cholinga chinali chakuti mabenchi adzaze, sanathandize. Opita kutchalitchi ndi ku Sande sukulu anapitirira kuchepa, ndipo kanema sanali yekha wochititsa: mabanja ambiri anagula magalimoto n'kumapita kokayenda Lamulungu, ena anasamukira m'madera atsopano kutali ndi matchalitchi awo akale. Munthu amene sankafuna kupita kumapemphero sanapite chifukwa choti bokosi lazima.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 zinthu zinali zitatembenuka. BBC1 itayamba kubwereza The Forsyte Saga Lamulungu madzulo mu Seputembala 1968, sewero la magawo 26 lomwe gawo lake lomaliza linaonedwa ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni, kunamveka nkhani zambiri za abusa omwe anasuntha nthawi ya mapemphero kuti akhristu akafike kunyumba lisanayambe. Poyamba kanema ndiye ankapatukira tchalitchi, tsopano tchalitchi n'chimene chinkapatukira kanema.

Komabe mipingo sinatuluke chimanjamanja. Inapatsidwa ulere ola labwino kwambiri pa nyumba zonse ziwiri kwa zaka zambiri, ndipo nyimbo zauzimu zinkamveka m'nyumba za anthu mamiliyoni omwe sakanaponda pakhomo la tchalitchi.

Kodi nkhani za kwathu kuno zinkaonekako? Nanga kuno ankaonera?

Kuonera ayi, chifukwa mphamvu ya nsanja zija sinkatuluka kutali. Kuno inali nthawi ya wailesi ya mawu: nyumba youlutsira ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja ndi zilankhulo zina, ndipo kuyambira 1949 anthu ankamvera pa kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special. Kanema anafika ku Kitwe mu 1961, ndipo ku Malawi wailesi yakanema ya dziko inatsegulidwa mu 1999.

Koma atsogoleri a kuno ankaonekako. Pulogalamu ya Face to Face ya a John Freeman, yomwe magawo ake ambiri ankaoneka Lamulungu usiku, inacheza ndi Dr Hastings Banda mu Epulo 1960, mwezi womwe anatulutsidwa kundende ya Gwelo. Mwezi wotsatira inacheza ndi a Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe a Banda ankalimbana nacho. Mu 1961 munabweranso a Jomo Kenyatta ndi a Martin Luther King. Kamera inkayandikira kwambiri nkhope ya wofunsidwa, pomwe wofunsa ankangooneka kumsana kapena osaoneka n'komwe.

Malamulowa anatha liti?

Malire a maola oulutsira anachotsedwa mu 1972. Ola lachipembedzo la madzulo linatsalabe, koma mu 1977 linachepetsedwa kuchoka pa mphindi 70 kufika pa 35. ITV inapitiriza ndi mapulogalamu monga Highway ya a Harry Secombe mpaka 1993, pomwe inasiya kusunga nthawi imeneyi. Songs of Praise idakalipo pa BBC, ngakhale kuti anaisunthira masana.

Ndingawaonere kuti mapulogalamu akalewa?

Ambiri kulibe. A nkhondo isanayambe anapita ndi mphepo, chifukwa njira yojambulira kuchokera pa galasi inayamba cha m'ma 1947, ndipo ngakhale pamenepo ankajambula owerengeka. Matepi atabwera anali odula, choncho ankafufuta zakale n'kujambulapo zina, mchitidwe womwe unapitirira mpaka m'ma 1970. Magawo ambiri a Palladium anatayika, ndipo Underground palibe pomwe inasungidwa.

Zina zinapulumuka. Nineteen Eighty-Four ilipo, koma ndi ya Lachinayi ija, osati ya Lamulungu yomwe inautsa mapiri pachigwa. Face to Face inasungidwa bwino, komanso magawo ena a Armchair Theatre ndi ya a Forsyth ndi a Wisdom ija. Zambiri mwa izi zimasungidwa ndi BBC komanso bungwe la British Film Institute, ndipo zidutswa zina zimapezeka pa YouTube.

Ngati mukungofuna kudziwa chomwe chinaoneka Lamulungu linalake, BBC inaika pa intaneti ndandanda za m'magazini yake ya Radio Times kuyambira 1923, pansi pa dzina lakuti Genome. Mumasankha tsiku n'kuona pulogalamu iliyonse ndi nthawi yake. Dziwani kuti ndandandazo zimasonyeza zomwe zinakonzedwa, osati nthawi zonse zomwe zinaulutsidwadi, ndipo za ITV mulibemo: zimenezo zinkasindikizidwa m'magazini ina, TV Times.